KUPEKA NYIMBO YA FILIMU YACHIKONDI: ZIMENE NDAPHUNZIRA TEREMU INO

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti Loweruka lililonse timadzatani kusukulu kuno ndi gitala, foni ndi mabulangete. Ena mpaka mwafalitsa kuti tatsegula tchalitchi m'kalasi la Fomu 1. Ayi ndithu, si tchalitchi. Timapeka nyimbo ya filimu. Ndalemba nkhaniyi kuti ndiyankhe onse kamodzi, komanso kuti amene adzalowe kilabu ya zisudzo chaka chamawa asadzavutike ngati mmene tavutikira ife.

FILIMU YAKE NDI YOTANI?

Kilabu yathu yajambula filimu yaifupi ya mphindi 9 pa foni ya aphunzitsi athu a Chichewa, omwenso ndi patironi wa kilabuyi. Nkhani yake ndi ya mtsikana ndi mnyamata amene amayendera limodzi m'mbali mwa ngalande ya sikimu popita kusukulu. Amakondana koma sanauzanepo. Tsiku lina malume a mtsikanayo akubwera ndi nkhani yoti venda wina wogula mpunga akufuna kumukwatira, ndipo wapereka kale ndalama za feteleza. Mtsikanayo akukana. Mnyamata uja akumulembera kalata yomuuza kuti asasiye sukulu, iye adikira. Mathero ake sindinena, mudzaonere nokha.

Nkhani ngati imeneyi si yachilendo kuno. Tonse tikudziwa kuti Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Mtakataka anatchuka mpaka kunja chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, sayenera kulowa m'banja. Komabe a hedi atamva kuti filimuyi ndi yachikondi anakwinya nkhope. Anati ayamba aionera okha, ndipo ikaoneka ngati ikulimbikitsa zibwenzi zachibwana, siionetsedwa kwa makolo tsiku lotsekera sukulu. Ntchito ya nyimbo anandipatsa ine chifukwa ndimaimba kwaya ndipo ndimatha kuwerenga solfa pang'ono.

KULAKWITSA KWANGA KOYAMBA

Ine ndinaona ngati n'zophweka. Ndinangotenga nyimbo yachikondi yotchuka pa memori khadi ya achimwene, n'kuiika kuyambira poyamba mpaka pothera. Titaonetsa kalasi lathu kuti tiyese, zinthu zake zinali zochititsa manyazi. Kalasi lonse linayamba kuimba nawo, ena kumenya madesiki, anyamata akumbuyo kuimba malikhweru. Pamene mtsikana amayankha malume ake, pomwe pali mtima wa nkhani yonse, panalibe ndi mmodzi yemwe anamva.

Patironi anandiitana n'kundiuza kuti, "Mwanawe, nyimbo imeneyi ili ndi nkhani yakeyake. Anthu akutsatira nkhani ya woimbayo, yathu ayitaya." Anawonjezanso kuti nyimbo ili ndi mwini wake. M'Malawi muno muli lamulo loteteza ntchito za aluso la mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limayang'anira zimenezi. Masamba ngati YouTube ndi Facebook nawo ali ndi makina ozindikira nyimbo za eni, ndipo akhoza kutseka mawu a filimu yonse. Choncho panalibe kuchitira mwina, tinayenera kupeka yathu.

NYIMBO IMAGWIRA NTCHITO YANJI MUFILIMU?

Mafilimu oyambirira, kuyambira m'ma 1890 mpaka m'ma 1920, analibe mawu. Komabe anthu sankaonera mwachete. M'nyumba yoonetseramo munkakhala munthu woimba piyano, akuyang'ana zithunzi n'kumasintha kaimbidwe malinga ndi zochitika. Filimu yotchuka yoyamba kumveka mawu a anthu inali The Jazz Singer ya mu 1927. Ndiye kuti nyimbo inayamba kuperekeza filimu mawu asanabwere.

Amene munaonerapo Titanic ku vidiyo sho, filimu ya mu 1997 ija, kumbukirani bwino. Nyimbo zake anapeka ndi James Horner. Kanyimbo kachikondi kamabwerabwera m'malo angapo, pena ndi chitoliro, pena ndi piyano, koma mawu ake amadzamveka filimu itatha, pomwe akulemba mayina. Pofika pamenepo khutu lako linakazolowera kale, n'chifukwa chake anthu amalira.

Kuno kwathu zitsanzo ziliponso. The Last Fishing Boat ya a Shemu Joyah, yomwe inatuluka mu 2012 ndipo nkhani yake imachitikira kunyanja, inapata mphoto ya nyimbo zabwino za mufilimu pa Africa Movie Academy Awards mu 2013 ku Nigeria. Woimba Agorosso anagwira nawo ntchito ya nyimbozo. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, nyimbo zake anapeka ndi Antonio Pinto wa ku Brazil. Mukuona kuti kupeka nyimbo za filimu ndi ntchito payokha, yokhala ndi eni ake ndi mphoto zake.

Mwachidule, nyimbo imanena zimene ochita sewero sakunena pakamwa. Mufilimu yathu awiriwa sanenapo mawu oti "ndimakukonda". Nyimbo ndiyo iyenera kuuza woonera zimenezo, komanso kumuuza kuti chikondi chake n'chaulemu, chodikira. Tsopano nazi njira zimene tinatsata.

NJIRA 1: ONERANI FILIMU YOPANDA NYIMBO, PENSULO ILI M'MANJA

Musathamangire gitala. Ife tinaonera filimu kanayi tili chete, tikulemba nthawi imene chilichonse chikuyamba ndi kutha. Kenako tinakambirana kuti nyimbo ikufunika pati. Tinapeza malo 5 okha:

1. Chiyambi, dzuwa likutuluka pa minda ya mpunga: masekondi 40.
2. Awiriwa akukumana pa ngalande: masekondi 30.
3. Usiku, mtsikana ali yekha pakhonde: masekondi 50.
4. Akuwerenga kalata: masekondi 20.
5. Mathero: masekondi 60.

Mukaphatikiza ndi masekondi 200, kutanthauza mphindi 3 ndi masekondi 20. Filimu yonse ili ndi masekondi 540. Ndiye kuti gawo lalikulu mulibe nyimbo. Pamene malume akulankhula tinasiya dala opanda kanthu, kumangomveka nkhuku ndi chikho chikugunda pa ndowa. Nyimbo ili ngati mchere, ukachulutsa ndiwo sizidyeka.

NJIRA 2: PEZANI KANYIMBO KAMODZI KAKAFUPI

Simufunika nyimbo 5 zosiyana. Mufunika kamodzi koti munthu akamva kawiri akhoza kukang'ung'udza. Ine kanga kanandibwerera ndikupalasa njinga kuchokera kuchigayo. Ndinakaimba njira yonse kuopa kuiwala, anthu akundiyang'ana ngati wazungulira mutu, ndipo nditafika ndinakalemba kumapeto kwa kope la Agriculture. Kali ndi mizere iwiri, uliwonse wa kugunda 8:

s m r d | r m r –
s m r d | r r d –

Mzere woyamba umathera pa "re". Mukauimba mumva kuti sunafike, uli ngati funso. Wachiwiri umathera pa "do", ndiye yankho, munthu wafika pakhomo. A kwaya yesani pompano motsitsa mawu, mumva zimene ndikunena. Kanyimbo konse kali ndi kugunda 16. Sungani nambala imeneyi.

NJIRA 3: MASAMU AJA AFIKA

Inu amene mumati masamu alibe ntchito pamoyo, imani pomwepo. Nyimbo iyenera kutha pamene chithunzi chikutha. Liwiro la nyimbo timaliyeza powerenga kugunda kwa pa mphindi imodzi. Kugunda 60 pa mphindi ndi kumodzi pa sekondi, ngati wotchi yapakhoma. Lamulo lake ndi ili: chulukitsani liwiro ndi masekondi, mugawe ndi 60, mupeza kugunda kumene kukwane pamalopo.

Chiyambi: 72 × 40 ÷ 60 = 48. Ndipo 48 ÷ 16 = 3. Kanyimbo kaimbidwa katatu ndendende.

Pa ngalande tinafuna chimwemwe, ndiye tinathamangitsa: 96 × 30 ÷ 60 = 48. Katatunso, koma mwachangu.

Usiku tinachedwetsa: 60 × 50 ÷ 60 = 50. Katatu ndi 48, kutsala masekondi 2 a chete.

Mathero: 80 × 60 ÷ 60 = 80. Kasanu.

Pakalata ndi pomwe panandizunguza: 72 × 20 ÷ 60 = 24. Nambala 24 sigawika bwino ndi 16, imapereka kamodzi ndi theka. Ndinayesa kusintha liwiro koma sizimakoma. Mnzanga wa Fomu 3 woimba gitala ndiye anati, "Aise, theka limenelo si funso lija? Lisiye choncho." Zoonadi, kanyimbo kamaimbidwa kamodzi konse, kenako funso lokha, n'kuima pa "re". Mtsikana wapinda kalata, sitikudziwa chimene achite, ndipo nyimbo nayo sinayankhe. Mutu umodzi susenza denga.

Kuti musataye liwiro, pa foni pali tima apu taulere totchedwa metronome timene timagunda mofanana. Ngati palibe, wina aziyang'ana wotchi n'kumagwedeza dzanja. Asawombe m'manja, zingalowe m'zojambula.

NJIRA 4: KANYIMBO KOMWEKO, ZOVALA ZOSIYANA

Munthu ndi yemweyo akavala yunifolomu kapena zakumunda, koma amaoneka mosiyana. Kanyimbo nako timakaveka mosiyana pogwiritsa ntchito zinthu zitatu: liwiro, chida choimbira ndi poyambira.

Pachiyambi kamaimbidwa ndi gitala yekha, chingwe chimodzichimodzi. Pa ngalande tinawonjeza chisekese motsitsa kuti chifanane ndi mapazi a anthu oyenda. Usiku tinakatsitsa kuti kathere pa "la" m'malo mwa "do", ndiye mzere woyamba umayamba m d t l, pomwe t ndi l ndi zam'munsi. Kayendedwe n'komweko koma kamamveka kachisoni. Pothera zida zonse zimakumana, pamodzi ndi atsikana anayi a kwaya.

Musadandaule kuti mulibe kiyibodi. Dera lathu lino lili ndi Achewa, Angoni ndi Ayao, monga tinaonera ku Chamare Museum ya ku Kungoni ku Mua, ndipo aliyense ali ndi zoimbira zake. Pali ng'oma, visekese, kaligo, bangwe, kalimba, chitoliro chansungwi, ngakhale banjo ya chigubu imene ana amapanga okha.

Chida chimene chinapulumutsa filimu yathu ndinachipeza kunyumba. Malo a usiku aja gitala ankamveka ngati wa pa wailesi, osagwira mtima. Ndikudandaula, amayi anati agogo ankaimba nkangala ali mtsikana. Nkangala ndi uta wa bango wokhala ndi chingwe chimodzi, kale cha khonje, masiku ano ena amaika nayiloni wa mbedza. Mbali imodzi ya bango umaiika pamilomo n'kumakhwatcha chingwe, ndipo m'kamwa ndimo mumakuza mawu. Ukasintha mpata wa m'kamwa, mawu amasinthanso. Chidachi chinabwera ndi Angoni, ndipo amaimba ndi atsikana ndi amayi.

Nditawapempha, agogo anaseka. Anati, "Iwe, nkangala saimbira gulu. Umadziimbira wekha mtima ukalema." Ine ndinati, "Agogo, ndi momwemo. Mtsikanayo ali yekha pakhonde, anthu onse agona." Anakhala chete, kenako anandituma kudambo kukadula bango lowongoka. Linatenga masiku kuti liume. Nkangala siitha kuimba manotsi onse a kanyimbo kanga, ndiye agogo amaimba zawo pansi, ine n'kumang'ung'udza pamwamba motsatira mawu a chingwe chawo. Tikujambula, anandiuza kuti iwo anakwatiwa asanathe Sitandade 4, ndipo nkangala anaisiya chaka chomwecho. Zimenezi sindinkazidziwa.

NJIRA 5: MAWU MUIKE KAPENA AYI?

Langizo langa ndi loti pamene anthu akulankhula, nyimbo isakhale ndi mawu. Khutu silingatsatire anthu awiri nthawi imodzi. Ife mawu tinaika pothera pokha, mizere iwiri basi.

Mukafuna kuika mawu a Chichewa, samalani kakwezedwe kake. Chichewa chili ndi mawu olembedwa mofanana koma osiyana pokweza ndi potsitsa. "Mtengo" wa mango ndi "mtengo" wa shuga pagolosale sitiwatchula mofanana. Nyimbo ikakweza pamene pakamwa timatsitsa, mawu amamveka achilendo, pena mpaka tanthauzo kusokonekera. Ndiye yambani mwalankhula mzerewo mokweza katatu, mumve pomwe liwu likukwera, kenako muone ngati likugwirizana ndi manotsi. Likakana, sinthani mawuwo.

NJIRA 6: KUJAMBULA

Apa ndi pomwe pamabwera mabulangete aja. M'kalasi lopanda anthu mawu amagunda khoma ndi malata n'kubwerera, ndiye zojambula zimamveka ngati muli m'chitsime. Tinaimika madesiki mozungulira n'kuwafunditsa mabulangete ndi masaka, woimba n'kulowa m'katimo. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, timatuluka thukuta lili kamukamu, koma mawu amamveka bwino.

Zina zoti mukumbukire ndi izi:

Jambulani m'mamawa, malata asanayambe kulira ndi dzuwa komanso chigayo chisanalize.

Ikani foni pa flight mode. Tsiku lina tinaimba bwino kwambiri, pakati pake foni n'kulira, akunyumba kwa patironi akufunsa za ndiwo.

Foni isagwiridwe m'manja. Iikeni pa nsalu, pafupifupi chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa gitala. Pa nkangala iyandikire kwambiri pakamwa, chifukwa mawu ake ndi aang'ono.

Woimba aziona filimu pa foni ina yotsekedwa mawu. Musanayambe, wina awombe m'manja kamodzi pamene chithunzi chikuyamba. Phokoso limenelo limathandiza kulumikiza nyimbo ndi chithunzi, kenako mumalidula.

Jambulani malo aliwonse katatu, musankhe pabwino. Tchajani mafoni dzulo lake. Ife tinkasonkha ndalama yotchajitsira pa sola ya pamsika.

NJIRA 7: KUSAKANIZA NDI KUYESA

Filimu ili ndi mawu amitundu itatu: zolankhula, phokoso la malowo ndi nyimbo. Pa apu yolumikizira mafilimu, monga CapCut, mtundu uliwonse umakhala ndi mzere wake ndipo mukhoza kukweza kapena kutsitsa. Zolankhula ndiye mfumu. Munthu akatsegula pakamwa, nyimbo itsike. Isayambe kapena kutha mwadzidzidzi, ilowe pang'onopang'ono ngati madzi akulowa m'munda kuchokera mu ngalande.

Phokoso la malo musalinyoze. Sikimu ya Bwanje ili ndi mahekitala 800 othiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe, ndipo aliyense wa kuno amadziwa kulira kwa achule ake madzulo ndi kukuwa kwa ana opirikitsa mbalame mpunga ukamacha. Tinajambula achulewo n'kuwaika pansi pa nkangala. Munthu wa kuno akangomva amadziwa kuti nkhaniyi ikuchitikira kwawo.

Pomaliza yesani pa sipika imene mudzagwiritse ntchito tsikulo, osati pa mahedifoni pokha. Itanani munthu amene sanaonepo filimuyo, akhale kumbuyo kwenikweni. Ikatha mufunseni zimene mtsikana anauza malume ake. Akalephera kuyankha, nyimbo yakwera kwambiri. Ife tinayesa ndi alonda a pasukulu pano, ndipo tinatsitsa kawiri asanakhutire.

Musaiwale kulemba mayina pothera: wopeka, oimba, ndi aliyense amene anathandiza. Ngati sitifuna kuba nyimbo za ena, tisabenso thukuta la anzathu.

A HEDI ANATI CHIYANI?

Lachitatu lapitali tinapita nayo kuofesi. Ine mtima unali phaphapha. Anaonera osalankhula, manja ali pachibwano. Itatha anandiyang'ana n'kufunsa, "Pakalata paja, bwanji nyimbo sinamalize? Mwaiwala?" Ndinafotokoza za funso lopanda yankho, mawu akunjenjemera. Anati tibwezere malo amenewo, anaoneranso, kenako anati, "Musakhudzepo. Nanga choimbira cha usiku chija mwachitenga kuti? Mayi anga ankaimba chimenechi." Atilola. Filimu ionetsedwa tsiku lotsekera sukulu, makolo ndi mafumu alipo.

Sindikunama, ntchitoyi yandidyera nthawi. Mayeso a JCE ali pafupi, ndipo mayeso apitawa Biology sinandiyendere. Amayi anena kale kuti filimu ikangoonetsedwa, Loweruka ndi la mabuku. Ndavomera. Kungakhale kuchititsa manyazi kupeka nyimbo ya filimu yolimbikitsa sukulu, mwini wake n'kulakwa mayeso.

YESANI IZI

1. Chithunzi chili ndi masekondi 45, liwiro ndi 64 pa mphindi. Kanyimbo ka kugunda 16 kaimbidwa kangati?
2. Pekani mizere iwiri ya solfa, woyamba uthere pa "re" kapena "so", wachiwiri pa "do".
3. Mukadzapita ku vidiyo sho, tsinzinani kwa mphindi imodzi. Kodi nyimbo yokha ikukuuzani kuti kukuchitika zotani?
4. Funsani agogo anu chida chimene ankaimba ali achinyamata. Ngati akuchikumbukira kapangidwe kake, lembani.

Mayankho mundipatse pa buleki kapena muwasiye kwa patironi. Amene apeke mizere yabwino tidzaiimba pa kilabu Lachisanu. Tsiku la filimu mudzabwere ndi makolo anu, ndipo chonde anyamata akumbuyo, malikhweru mudzawasiye kunyumba. Mpando wakutsogolo kumanzere musadzakhalepo, ndasungira agogo. Akuti akufuna adzaone ngati dzina lawo talilemba bwino.

Wolemba: mtsikana wa Fomu 2, kilabu ya zisudzo